Mbiri ya Kuneneratu za Mvula ya Mabingu

Mwa zinthu zonse za mumlengalenga zimene anthu ayesa kuneneratu, palibe chimene chawasautsa monga mvula ya mabingu, ija imabwera masana m'nyengo yotentha, nigwa mwamphamvu kanthawi kochepa, nileka. Kadamsana akatswiri amamudziwa kukali zaka zambiri, tsiku lake ndi mphindi yake yomwe. Namondwe wa pa nyanja yamchere amamuona akali ulendo wa masiku angapo. Koma mukafunsa ngati mvula igwa pa bwalo la sukulu yanu lero lino pa 3 koloko, ngakhale katswiri wodziwa koposa onse adzangoyankha kuti, "Kapena." Ana akamva yankho lotere amaseka, ndipo akulu amati anthu a zanyengo amangodya ndalama za boma. Mphunzitsi ayenera kudziwa chifukwa chake yankholo liri lotero, pakuti silichokera m'ulesi kapena m'umbuli iai. Kumbuyo kwake kuli mbiri ya zaka zoposa zana limodzi, ndipo ndiyo ndifuna kufotokoza muno.

Kuneneratu za nyengo monga ntchito ya boma kunabadwa pamodzi ndi lamya. Lamya isanabwere mkuntho unali kuthamanga koposa mthenga ali yense, kotero kuti panalibe njira yochenjezera anthu a kutsogolo. Pa 14 Novembala 1854 namondwe anaononga zombo zambiri za France ndi England pa Black Sea, pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea. Katswiri wa nyenyezi, Urbain Le Verrier, anasonkhanitsa malipoti a m'maiko ambiri, naonetsa kuti namondweyo anayenda masiku angapo asanafike kunyanjako, ndi kuti mau a pa lamya akadamupitirira panjira. Ku Britain nako chombo chotchedwa Royal Charter chinasweka mu 1859, ndipo anthu oposa 400 anafa. Tsono mu 1861 Robert FitzRoy anayamba kutumiza machenjezo ku madoko, ndi kulemba m'nyuzi ya The Times za nyengo ya masiku akudza. Njira yao inali yotere: anthu a m'malo ambiri anali kuyesa mphepo, kutentha, ndi kulemera kwa mpweya pa ora limodzi, natumiza manambala ao ku likulu; kumeneko anali kuwalemba pa mapu, naona kumene namondwe ali ndi kumene akuloza.

Njira imeneyi inapulumutsa amalinyero ambiri, koma pa mvula ya mabingu inalephera, ndipo chifukwa chake msodzi ali yense angachimve. Ukonde wa maso akulu umagwira chambo ndi kampango, koma usipa umangopyola. Namondwe wa panyanja ndiye nsomba yaikulu, pakuti m'mimba mwake ndi makilomita mazanamazana, ndipo amakhala moyo masiku ambiri. Mtambo wa mabingu ndiwo usipa. Kukula kwake kawirikawiri ndi makilomita ngati 10, ndipo moyo wake wonse ndi ora limodzi kapena kucheperapo. Malo oyeserapo nyengo anali otalikirana makilomita 100 kapena kuposa, ndipo zipangizo anali kuziwerenga kawiri kapena katatu pa tsiku. Motero mtambo unatha kubadwa pakati pa malo awiri, kugwetsa matalala, kupha ng'ombe ndi mphezi, ndi kuzimirira, popanda ndi mmodzi yemwe woulemba m'buku.

Sitikunena kuti anthu sanadziwe kanthu. Mu 1752 maganizo a Benjamin Franklin akuti mphezi ndi magetsi anatsimikizika ku Marly, pafupi ndi Paris, pamene anaimika chitsulo chachitali ndi kutapa moto wa mumtambo. Anadziwanso kuti dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wofunda ndi wachinyontho umakwera, nuzizira pokwerapo, ndipo chinyontho chake chimasanduka timadontho ta mtambo. Cha m'ma 1930 anayamba kuulutsa mabaluni onyamula kawailesi kotumiza pansi kutentha ndi chinyontho cha kumwamba. Ndi mabaluniwa anatha kudziwa m'mawa ngati tsikulo lapsa, ndiko kuti pansi pali mpweya wofunda wonyowa ndipo pamwamba pali wozizira kwambiri. Koma kudziwa tsiku sikudziwa malo. Munthu woyang'ana tchire la mu Okutobala anganene mosakaika kuti lipsa, koma sanganene phiri limene woyatsa moto adzayambira. Chifukwa chake kwa zaka zambiri olosera anangolemba kuti "mabingu apa ndi apo," naleka pomwepo.

Chimene chinakakamiza anthu kulowa m'kati mwa mtambo ndi ndege. Mlimi akanyowa amakauma kunyumba, koma ndege ikalowa m'mtambo wotere imatha kusweka. Pa 31 Ogasiti 1940 ndege yonyamula anthu inagwa m'mvula ya mabingu pafupi ndi Lovettsville, m'dera la Virginia ku America, ndipo anthu onse 25 anafa, mmodzi wa iwo ali Ernest Lundeen, phungu wa nyumba ya malamulo. Ngozi zina zinatsatira, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse oyendetsa ndege ambiri anasimba za mphepo zoopsa zimene anakomana nazo m'mitambo. Nkhondo itatha mu 1945, boma la America linali ndi ndege zambiri zongokhala, oyendetsa ozolowera zoopsa, ndiponso chipangizo chatsopano chotchedwa radar. Linapereka ndalama kuti mvula ya mabingu ifufuzidwe, ndipo ntchitoyo, imene anaitcha Thunderstorm Project, anaipereka m'manja mwa Horace Byers, mphunzitsi wa pa University of Chicago.

Tiyeni tione bwino mmene anagwirira ntchito, chifukwa ndi chitsanzo chokoma cha kufufuza chinthu mwadongosolo. Poyamba anasankha malo a mabingu ambiri. M'nyengo yotentha ya 1946 anagwira ntchito pafupi ndi Orlando ku Florida, dziko lachidikha la pakati pa nyanja ziwiri, kumene mabingu amagunda pafupifupi masana ali onse. Mu 1947 anasamukira pafupi ndi Wilmington ku Ohio, kuti aone ngati mitambo ya m'kati mwa dziko ichita chimodzimodzi. Pamenepo analuka ukonde wa maso ang'ono. Ku Florida anaika malo oyeserapo 55, otalikirana ngati mailosi imodzi basi, ndipo pa malo ali onse panali zipangizo zodzilembera zokha mvula, mphepo, kutentha ndi kulemera kwa mpweya kosalekeza, usana wonse. Radar inali kuyang'ana mtambo kuchokera pansi. Chipangizo chimenechi chimaponya mafunde a wailesi, ndipo akagunda madontho a mvula amabwerera, monga mau amabwerera munthu akafuula kuphiri. Nthawi imene atenga pobwerera ndiyo ionetsa kutalika kwa mvulayo.

Koma mbali yolimba mtima inali ya ndege. Anatenga ndege zankhondo zotchedwa P-61, zomangidwa kuti zizimenya nkhondo usiku, nazitumiza zisanu nthawi imodzi, ina pamwamba pa inzake, kusiyana mapazi 5,000, ndiko kuti mamita 1,500. Yapamwamba inali kuuluka pa mapazi ngati 25,000. Wa pa radar anali kuzilondolera pakati penipeni pa mtambo, pamene woyendetsa wanzeru ali yense amapewa. Oyendetsawo anauzidwa kuti asalimbane ndi mphepo, koma aleke ndege ikwezedwe kapena itsitsidwe monga mtambo ufuna, kuti zipangizo zilembe mphamvu yeniyeni ya mpweya wokwera ndi wotsika. Ine ndiyesa lamulo limeneli ndilo linali lovuta koposa onse, pakuti munthu amene waphunzitsidwa zaka zambiri kugwira chiongolero sangachileke mosavuta pamene matalala akugunda pa galasi. Pa nyengo ziwirizo anapyola m'mitambo koposa ka 1,300. Mphezi inagunda ndege kangapo, matalala anaphwanya zina ndi zina, koma ntchito inafika kumapeto.

Zimene anapeza anazisindikiza mu 1949 m'buku lotchedwa The Thunderstorm, lolembedwa ndi Byers ndi Roscoe Braham, ndipo zithunzi za mtambo zimene muziona m'mabuku a sukulu zinachokera mmenemo. Anapeza kuti chimene ife timachiyesa mtambo umodzi chiri ngati mudzi wa nyumba zingapo. Nyumba ina ikumangidwa, ina muli anthu, ina ikugwa. Nyumba iri yonse, kapena titi chipinda, imapyola misinkhu itatu. Pa msinkhu woyamba mpweya wonse wa m'katimo ukukwera, mtambo ukutumphuka ngati chulu choyera, ndipo ngakhale madontho ayamba kupangika, sangagwe chifukwa mpweya wokwera uwanyamula. Msinkhu umenewu utenga mphindi 10 kapena 15. Tsono madontho ndi timatalala zikalemera zimayamba kugwa, ndipo pakugwa zimakoka mpweya kutsika nao. Mpweya wouma wolowa cha m'mbali umaumitsa ena a madonthowo, ndipo kuuma kwa madzi kumaziziritsa, monga mtsuko wadothi uziziritsa madzi a m'kati mwake. Mpweya wozizira ndi wolemera, kotero umatsika mofulumira koposa. Apa ndiye kuti chipinda chakhwima: mbali ina mpweya ukukwera, mbali ina ukutsika, mvula ikukhuthuka, mphezi ikung'anima. Izi zikhala mphindi 15 kufikira 30. Potsiriza mpweya wotsika umafalikira chipinda chonse, nutseka njira ya mpweya wofunda umene unali chakudya chake, ndipo mtambo umafa ndi mvula yake yomwe, kungotsala mawawa.

Chinthu chimodzi m'zopeza zimenezi ndifuna muchigwire koposa zina. Mpweya wozizira uja ukafika pansi sungalowe m'nthaka. Umamwazika ku mbali zonse monga madzi otayidwa pa bwalo, nuthamanga patsogolo pa mvula. Imeneyi ndiyo mphepo yozizira ija imabwera mwadzidzidzi masana otentha, niutsa fumbi, nigwedeza mitengo, amai ndi kuthamangira kukaanula ufa. Makolo athu anaidziwa kalekale kuti ndi mthenga wa mvula. A ku Florida anaonjezapo kudziwa kumene imachokera. Zipangizo zao zinaonetsa kuti pofika mphepoyo kutentha kumatsika msanga, kulemera kwa mpweya kumakwera pang'ono, ndipo mphepo imatembenuka. Anaonanso kuti mpweya wozizirawo umalowa kunsi kwa mpweya wofunda wa patsogolo pake, nuukweza, ndipo pamenepo pamabadwa chipinda chatsopano. Mtambo wakufa umasiya ana. Ndicho chifukwa chake mvula ya mabingu imaoneka ngati yalumpha minda, kapena yabwerera kumene inachokera.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa pali nkhani imene mphunzitsi wa pa sukulu yosauka ayenera kuimva. M'chaka chomwecho cha 1947, ku Japan, dziko limene linali litangogonja pa nkhondo, mphunzitsi wachinyamata dzina lake Tetsuya Fujita anakhala pa malo oyeserapo nyengo pamwamba pa phiri la Seburi pamene mvula ya mabingu inali kupita. Analibe ndege kapena radar. Poyang'anitsitsa mizere imene zipangizo wamba zinalemba, anazindikira yekha kuti m'mtambo muli mpweya wozizira wotsika. Anatumiza zolemba zake kwa Byers, amene anazizwa kuona kuti munthu mmodzi wapeza ndi pensulo chimene iwo anachipeza ndi ndalama zambiri, namuitana ku Chicago mu 1953. Fujita yemweyu ndiye anafufuza ngozi ya pa 24 Juni 1975, pamene ndege inagwa ikutera ku New York m'mvula ya mabingu, ndi kupha anthu 113. Iye ananena kuti nthawi zina mpweya wotsika umagwa mwamphamvu pa kamalo kakang'ono kwa mphindi zowerengeka, nukankhira ndege pansi. Akatswiri ambiri anakana, mpaka kufufuza kwa mu 1978 ndi 1982 kunaonetsa kuti ananena zoona. Pambuyo pake mabwalo akulu a ndege a ku America anaikidwa radar yotha kuona mphepo yotere.

Tibwerere ku nkhani ya kuneneratu. Radar itafala, olosera anapeza njira yosavuta: kuona pamene mvula iri tsopano, kuona pamene inali mphindi khumi zapitazo, ndi kutambasula mzere kutsogolo. Mtambo woyenda makilomita 30 pa ora, uli pa mtunda wa makilomita 15, ufika pakapita theka la ora. Mwana wa Sitandade 5 angawerengere zimenezi. Njira imeneyi, imene m'zaka za m'ma 1980 inatchuka ndi dzina lakuti nowcasting, ndiyo maziko a machenjezo a nthawi yaifupi kufikira lero. Koma owerenga aona kale pamene ithera. Chipinda chimene mukuchitsata chidzafa ora lisanathe, ndipo chimene chidzakunyowetsani mwina sichinabadwe. Mvula ya mvumbi, yofalikira dziko lonse, ingatsatidwe maora angapo. Ya mabingu imasokoneza mzere msanga.

Anthu anayembekeza kuti masamu adzathetsa vutoli. Mu 1922 Lewis Fry Richardson wa ku England anasindikiza buku loonetsa kuti nyengo ingawerengeredwe, koma anayesa kuti padzafunika anthu 64,000 owerengera pamodzi kuti asatsalire m'mbuyo mwa nyengo yeniyeniyo. Kompyuta inachotsa vuto la anthu. Mu 1950 makina otchedwa ENIAC anawerengera nyengo kwa nthawi yoyamba. Koma maso a ukonde wao anali makilomita oposa 700, ndipo usipa unapyolanso. Panapita zaka zoposa 50 kuti makompyuta akhale ndi mphamvu yowerengera maiko athunthu pa maso a makilomita awiri kapena atatu, m'mene mtambo wa mabingu uyamba kuoneka. Ngakhale tsopano pali malire amene makina sangawachotse. Edward Lorenz anaonetsa mu 1963 kuti kusiyana kochepetsetsa m'manambala oyambira kumakula mpaka kusintha yankho lonse, ndipo mu 1969 anaonjeza kuti chinthu chikachepa msinkhu, chimasokonezeka msanga. Munda wopsereza umene watentha koposa unzake, dambo lonyowa, mphepo yochokera kunyanja, kapena mpweya wozizira wotsala ku mtambo wa dzulo: chiri chonse cha izi chingasankhe phiri limene moto uyambire, ndipo palibe boma lingayese zonsezi.

Pa chifukwa chimenechi olosera anaphunzira kunena "kapena" wao m'manambala. Ku America anayamba kutero m'dziko lonse mu 1965. Akati mwai wa mvula ndi 40 pa 100, atanthauza kuti pa masiku 100 ofanana ndi lero, malo anu adzanyowa masiku 40. Mvula ikapanda kugwa kwanu sananame, ndipo ikagwa sananamenso. Ndiganiza kuti phunziro ili liyenera kulowa m'masamu a makalasi apamwamba, pakuti ana amene alimva saseka wailesi pachabe.

Ku Africa kuno radar ndi zochepa, chifukwa kuzigula ndi kuzisamala kumafuna ndalama zambiri. Chimene chatithandiza ndi setilaiti. Yoyamba yojambula mitambo bwino, TIROS-1, inaponyedwa pa 1 Epulo 1960. Mu 1977 maiko a ku Ulaya anaponya Meteosat, imene imayenda mofanana ndi kuzungulira kwa dziko, kotero kuti imaoneka ngati yaima pamwamba pa Africa. Kuyambira 2004 mtundu wake wachiwiri unayamba kutumiza chithunzi mphindi 15 ziri zonse, ndipo wachitatu, woponyedwa mu Disembala 2022, uli ndi diso loona kung'anima kwa mphezi usana ndi usiku. Pa zithunzi zimenezi katswiri amaona mutu wa mtambo ukukwera ndi kuzizira, ndipo nthawi zina amaona kamzere ka timitambo kosonyeza pamene mpweya wozizira uja wafika. Angatumize chenjezo la ora limodzi kapena awiri ku boma lakutilakuti. Koma chenjezo liyenera kuyenda kuchokera ku likulu kufikira pa foni kapena wailesi ya munthu, ndipo mphunzitsi ali m'kalasi ndi choko m'manja.

Kodi nanga mphunzitsiyo atsala ndi chiani? Atsala ndi misinkhu itatu ya Byers, imene ioneka ndi maso. Mtambo ukali kutumphuka ndi m'mphepete mwakuthwa ngati thonje lounjika, uli pa msinkhu woyamba. Mutu wake ukayamba kuchita nyenyeswa ngati tsitsi, ndi kuyala m'mbali monga bowa, ndiye kuti madzi a pamwamba aundana. Ndipo popeza magetsi a mumtambo amapangika pakugundana kwa timatalala ndi tizidutswa ta madzi oundana, mphezi iri pafupi. Mphepo yozizira ikafika, chipinda chakhwima ndipo chiri chapafupi. Zotsala ndi mphindi chabe. Imeneyo si nthawi yoweruka kuti ana athamangire kwao kupyola dambo ndi mtsinje, ngakhale iwo adzapempha motero. Mu Juni 2011 mphezi inapha ana 18 ndi mphunzitsi wao pa sukulu ina m'boma la Kiryandongo ku Uganda, ndipo anali pasukulu pomwepo. Kotero nyumba yopanda waya wotsitsira mphezi m'nthaka siteteza kwathunthu, makamaka kwa otsamira khoma kapena oima pakhomo. Komabe pansi pa mtengo ndi pa bwalo la mpira ndi poipa koposa.

Mtunda wa mphezi uwerengeka popanda chipangizo. Kuwala kumafika nthawi yomweyo, koma mau amayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Ana awerenge kuyambira pa ching'aning'ani kufikira bingu, nagawe ndi 3: masekondi 30 ndi makilomita 10, ndipo mphezi imatha kugunda pansi pa mtunda wotere kuchokera ku mtambo wake, ngakhale pamene dontho silinagwe. Chipinda chakufa nachonso chimaponyabe mphezi, ndipo mwana wake angakhale akukula kuseri kwa phiri. Chifukwa chake akatswiri amalangiza kudikira mphindi 30 kuchokera pa bingu lotsiriza. Bingu lina likagunda m'kati mwa mphindizo, kuwerenga kuyambirenso pa chiyambi.